Lole ya matimati imene sinagwe

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa inandipeza ndili pamphasa, pamsika wa Lirangwe, ndikugulitsa matimati mwana ali kumbuyo. Inali nthawi ija kwacha itangobwera kumene, anthu akusokonezabe matambala ndi mapeni. Bambo a Halima anali atakwera ndege pa Chileka kupita kumigodi ya ku Joni, ndipo chichokereni sindinamvenso za iwo. Ndinatsala ndi Halimayo ali woyamwa, kadimba ka mayi anga m'mbali mwa mtsinje, ndi manyazi amene ndinabadwa nawo. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3.

Tsiku lina la msika kunabwera bambo wina wamagalasi, wovala taye kunja kukutentha. Anaima pafupi ndi milu yanga nthawi yaitali osagula. Ndinayesa ndi wa boma, ndipo ndinayamba kumasula mfundo ya chitenje kuti nditulutse khadi la chipani.

"Ayi mayi, bisani," anatero akuseka. "Ine ndine Chimwala, ndimaphunzitsa za chuma ku yunivesite m'tauni. M'mawa ndinadutsa pano milu yanu ili yaing'ono. Pano yakula, koma mtengo ndi womwe uja. Chachitika n'chiyani?"

Ndinayang'ana pansi. Ndinati, "Dzuwa, bambo. Akafika madzulo afewa."

Anagwedeza mutu. Anati ophunzira awo amadziwa kujambula zimenezo pabolodi, koma m'kalasi amasinza, ndipo akalemba mayeso amaiwala. Ankafuna kuti azizimva m'thupi. Ndiye anaganiza zoti Loweruka lililonse azibwera nawo ku holo ya sukulu ina ya mishoni pafupi ndi Chileka, azichita sewero la msika. Ankafuna mayi weniweni wapamsika woti azisewera nawo.

Ndinati sindimatha kulankhula pagulu. Iwo anati, "Bwerani ndi mnzanu, muzilimbitsana mtima."

Ndinatchula Esnati. Ndine ndemwe ndinamutchula dzina, ndi pakamwa pangapa. Zimenezi ndinazibwereza mumtima miyezi yambiri.

Esnati ankayala mphasa yake moyandikana ndi yanga, ankagulitsa anyezi ndi mpiru. Kwawo kunali ku Chileka, mwana wa mkulu wa mpingo, ndipo anakwatiwa ndi bambo wokonza njinga pa Lirangwe pomwepo. Ine Msilamu, iye wa ku mishoni, koma tinkadyera limodzi chinangwa ndipo ndikapita kukaswali ankandisungira malonda. Mawu ake ankamveka mpaka ku siteshoni ya sitima. Ankandiitana kuti Che Mariamu, ndipo wogula akandivuta ankamukalipira m'malo mwanga.

Loweruka m'mawa galimoto ya ku koleji inkatitenga pamsewu. Tikafika, ntchito yanga inali kukonza msika wabodza. Ndinkasesa holo, n'kuyala mphasa m'mizere monga zimakhalira pamsika. Miyala yobulungira ya kumtsinje inali matimati, ndinkaiunjika m'milu. Mchenga wa m'thumba unali chimanga, tinkayeza ndi mbale. Ndalama zinali zitsekerero za mabotolo. Ndinkazitolera ndekha kuseri kwa magolosale a pa Lirangwe, n'kuzitsuka ndi phulusa, n'kuzisunga m'chitini. Pogawa, a Chimwala ankandiuza woti ndimupatse zodzaza manja awiri ndi woti ndimupatse zapansonga za zala, chifukwa pamsika anthu safika ndi matumba ofanana. Panalinso bolodi lamiyendo, choko, ndi belu lam'manja.

Sewerolo linalibe mawu olembedwa oti munthu aloweze. A Chimwala ankangogawa malo: iwe wogulitsa, iwe mlimi, iwe mwini lole, iwe mayi wa ana ambiri amene mwamuna wake sanalandire. Akaliza belu msika unkayamba, aliyense n'kumalankhula zimene zamubwerera. Msika uli mkati, iwo ankafuula nkhani yatsopano: "Mvula yakana!" kapena "Mlatho wakokoloka, malole sakudutsa!" kapena "Mawa ndi Khirisimasi!" Pamenepo aliyense ankayenera kusintha zochita. Akalizanso belu tonse tinkaima pomwe tili ngati zitsa. Ndiye ankafunsa ophunzira chimene chachitikira mtengo, n'kupita nawo pabolodi kukajambula mizere yawo iwiri yopingasana.

Malamulo anali awiri. Loyamba linali lakuti chimene mnzako wabweretsa usachikane. Akati nkhokwe yapsa, yapsa basi, iwe landira n'kuwonjezerapo chako. Lachiwiri sankalinena mokweza. Ankangoloza ndi choko chithunzi cha pulezidenti chimene chinali pakhoma n'kunena kuti, "Msika wathu uno ulibe boma, ulibe chipani. Tamvana?" Tinkamvana. Masiku amenewo sewero lolembedwa linkayamba laonedwa ndi akuluakulu, ndiye lathuli lopanda pepala linkafuna pakamwa posamala. Mawu amodzi okhota ankatha kumusowetsa munthu.

Ndinene zoona, ana aja ankaphunzira. Ndikukumbuka tsiku la "Mvula yakana." Mtsikana wina amene ndinamupatsa zitsekerero zochepa anazungulira mphasa zonse, mbale ya mchenga ikukwererakwerera, mpaka belu linalira ali chimanjamanja. Anzake akujambula pabolodi, iye anaimika dzanja.

"Aphunzitsi, pamizere imeneyo ine ndili pati?"

A Chimwala analoza m'munsi mwa bolodi ndi choko. Anati, "Muli pansi apa, pamene sitijambula. Lero tiyambire pamenepa."

Koma ine zimenezo sindinkaziganizira kwambiri. Maso anga anali pa Esnati.

Tsiku loyamba lomwe anangolowa m'sewero ngati nsomba m'madzi. Mnyamata wina atamunenerera mtengo, Esnati anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu n'kunena kuti, "Achimwene, wotchi ya pamkono muli nayo, koma ya ndiwo mulibe? Mudya nthawi lero." Holo yonse inagwa ndi phwete. Ine wogula akabwera pamphasa yanga ndinkangonong'ona mtengo, n'kumupatsa miyala, iye n'kumapita. Palibe amene ankakumbuka kuti anagula kwa ine.

Posakhalitsa ophunzira anayamba kumubweretsera masikono a ku koleji atakulunga m'pepala. Ophunzirawo ankamuitana kuti Amayi Esnati. Ine ankanditi mayi a zitsekerero. Esnati ankandigawirako sikono, inde, koma sikono yogawiridwa ndi munthu amene unamubweretsa wekha imakakamira pammero.

Ndinayamba kumuyang'anitsitsa. Ndinkafuna kudziwa kumene amazitenga. Ndinaona kuti akafuna kukweza mtengo amayamba wapukuta manja pachitenje. Akafuna kunyoza munthu amapendeketsa mutu kumanzere. Ndipo akafuna kunena nthabwala yoopsa, imene mwini wake akudziwa kuti yapyola malire, amagwira mfundo ya duku lake kumbuyo n'kuimangitsa, ngati munthu woti asenze mtolo. Kumtsinje pochapa ndinkayeserera zonsezi pamaso pa Halima. Ndinkapendeketsa mutu, n'kunena mawu a Esnati. Mwanayo ankaseka. Koma Loweruka belu likangolira, lilime linkauma.

"Che Mariamu, mwameza lilime kodi?" ankatero Esnati m'galimoto pobwerera. "Ingonenani chilichonse, iwe. Ana aja amaseka ngakhale chifuwa."

Sankandinyoza. N'chimene chinkandiwawa kwambiri.

Chaka chikupita kumapeto, a Chimwala anatiitanira pakhonde tonse awiri. Anati akuluakulu a ku koleji alola kuti masewerowa azichitikira m'holo yaikulu ya m'tauni, ndipo apereka malo a ntchito a mayi mmodzi: malipiro a pamwezi ndi kachipinda kogona. Mmodzi yekha. Anati adzanena pambuyo pa sewero lomaliza, limene lidzachitikire pamsika weniweni wa Lirangwe, anthu akuona.

Sabata imeneyo chakudya sichinkatsika. Ndinkadziuza kuti ndinayamba ndine, zitsekerero ndimatola ndine, mphasa ndimayala ndine. Esnati anali ndi mwamuna wobweretsa kangachepe tsiku ndi tsiku. Ine ndinali ndi mwana amene mkaka unali utayamba kumuchepera, ndi denga lodontha. Esnati ankati, "Aa, ine m'tauni ndikatani? Akutenge iweyo." Koma Lachinayi ndinamuona atagula duku latsopano lamaluwa achikasu.

Tsikulo linafika dzuwa likuswa mtengo. Tinayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa msika. Ophunzira anabwera pabasi yodzaza. Kuti tichite sewero pagulu panafunika chilolezo cha a tcheyamani a chipani a dera lathu, ndipo iwo analola pokhapokha aonerere okha. Anawabwerekera mpando kugolosale n'kuwakhazika kutsogolo. Kumbuyo kwawo kunaima anyamata a malaya ofiira, omwe aja ankaima pachipata cha msika kuona makhadi, ndodo zili m'manja. Anthu anasiya malonda n'kutizungulira. Mayi anga analipo, achibale a bambo a Halima analiponso.

Phunziro la tsikulo linali la zimene wogulitsa amawononga asanakhale pamphasa. Esnati anapatsidwa malo a mayi woyembekezera wogulitsa matimati, ndipo anakulunga chitenje n'kuchilowetsa m'diresi. Ine anandiika pamphasa ya kumapeto ndi thumba la mchenga, Halima ali mtulo kumsana.

Belu linalira. Mnyamata wina wamtali anapita kwa Esnati, zitsekerero zikulira m'thumba.

"Amayi, mvula inagwa bwino, msewu uli bwino. Nanga matimati akwereranji?"

"Achimwene, mukuyesa anabwera okha wapansi kuchokera kudimba? Basi ndalipira. Kondakitala wati dengu nalonso ndi munthu, lilipire mpando wake."

Anthu anaseka. A Chimwala anatembenukira kubolodi n'kuyamba kulemba, belu atalipana m'khwapa.

"Tikiti ya msika ndadula. Mbuzi ya apongozi yadya theka la dimba, ndipo kokasuma kulibe, si apongozi nanga?"

A tcheyamani anadzimenya pabondo ndi kuseka. Esnati anawaona, ndipo ndinaona nkhope yake ikuwala. Kuseka kwa anthu kunkamuledzeretsa kuposa mowa.

"Zatha, amayi?" anafunsa mnyamata uja.

"Zatha bwanji? Nanga pachipata paja?"

Dzanja lake linapita kumbuyo kwa mutu. Linagwira mfundo ya duku lachikasu n'kuimangitsa. Dzanja linalo linatsikira pamimba yabodza ija.

Ine ndinkaidziwa nthabwala imene inkabwera. Ankandinong'oneza pamphasa anyamata a malaya ofiira akadutsa. Masiku amenewo mayi woyembekezera nthawi zina ankauzidwa pachipata kuti agulirenso khadi mwana wam'mimba, ndiye Esnati ankati, "Wam'mimbayu khadi ali nalo kale, dzina ndiye alibe." Pamphasa tinkaseka titabisa pakamwa. Pano ankafuna kuinena pamaso pa eni ake. A Chimwala anali atatipatsa msana, ndipo nthabwalayo sankaidziwa. Ophunzira ankangodikira kuti aseke. Pagulu lonselo, amene ankadziwa chimene mfundo ya dukuyo ikutanthauza ndinali ine ndekha.

Maganizo anabwera msanga, ndipo anali oyera ngati madzi a pachitsime. Ndikangokhala chete monga mwa masiku onse, palibe angandinene. Esnati amukweza galimoto ya apolisi lero lomwe, ndipo malo aja atsala ndi mayi mmodzi. Ndinachiona kachipinda kaja, ndinaliona denga lake lamalata.

Pambuyo pake ndinkauza anthu kuti ndinaganizira ana ake. Mwina ndi zoona pang'ono. Koma chimene ndikukumbuka bwino n'chakuti ndinayang'ana pamene amayala mphasa yake, pafupi ndi yanga, n'kupaona m'maganizo popanda munthu. Ndinapezeka ndaimirira.

"Lole!" ndinakuwa. "Lole ya matimati yagwa pamlatho! Matimati ali mbwee mumsewu, aliyense akungotola!"

Mawuwo sindinawazindikire kuti ndi anga. Halima anadzidzimuka n'kuyamba kulira.

Ophunzira anachita monga mwa lamulo loyamba. Sanafunse kuti wafuula ndani. Analandira, anasiya mphasa zonse n'kuthamangira kuseri kwa basi yawo, kumene tinapangana kuti ndiko kumlatho wa m'sewero. Chimene sindinachiganizire ndi anthu a pa Lirangwe. Iwowa za malamulo a sewero sankazidziwa. Ankangodziwa kuti Mariamu salankhula, ndiye akafuula Mariamu ndiye kuti zachitikadi. Msika wonse unanyamuka. Amayi ndi mabeseni, abambo panjinga, ana ndi zitini, onse kulunjika kumlatho weniweni, fumbi lili koboo. Anyamata a malaya ofiira ndiwo anali patsogolo. A tcheyamani anaimirira n'kuponyera mmodzi chipewa chawo kuti akawatolere momwemo.

Esnati anatsala pakamwa pali yasa, dzanja lili pamimba. Anandiyang'ana. Kenako maso ake anapita kwa a tcheyamani, n'kubwereranso kwa ine. Dzanja linachoka pamimba pang'onopang'ono. Ndiyeno anadzigwetsa pamphasa.

"Mayo ine, ndafa! Aulere ali pamlatho, angawa agula ndani? Bwererani abale! Tengani milu iwiri pamtengo wa umodzi! Tengani ndi dengu lomwe! Tengani ndi apongozi omwe, mbuzi ndikupatsani yaulere!"

Anakwawa ndi maondo mpaka pamapazi pa a tcheyamani, n'kumawaikira miyala m'manja akuwachonderera kuti angomuthandiza kutenga. Bambo aja anaseka mpaka misozi. Okalamba amene analephera kuthamanga anaombera m'manja. Sewero labwino kuposa onse amene Esnati anachitapo linali limenelo, ndipo anamutsegulira khomo ndine.

Anthu anabwerera thukuta lili kamukamu, mabeseni ali opanda kanthu. Anandinena. "Mwana wa a Saidi wapenga kodi?" "Kumuona phee, kani bodza lili m'mimba!" Mayi anga anaphimba nkhope ndi mpango. Ine ndinkangogwedeza mwana, maso ali pansi.

A Chimwala analiza belu, anapepesa anthu, kenako anatenga ophunzira kupita nawo kwa amayi ogulitsa matimati enieni. Ena mwa iwo anali atakulitsa kale milu, ena anali atatsitsa mtengo poopa kubwerera nawo kunyumba.

"Lole inagwa?" anafunsa.

"Ayi."

"Matimati achuluka pamsika pano?"

"Ayi."

"Nanga mtengo wagweranji?"

Mtsikana uja wa tsiku la chilala ndiye anayankha. "Chifukwa anthu anakhulupirira kuti achuluka."

"Lembani zimenezo. Mukanaziwerenga mawa m'buku, mkuja mukanaiwala."

Pochoka, a tcheyamani anagwira a Chimwala chanza. Anati, "Sewero labwino, aphunzitsi. Mayi wamimbayo ndi katswiri. Koma wabodzayo mumulangize, watithamangitsira ana pachabe."

Ndikutolera zitsekerero m'fumbi, a Chimwala anabwera n'kunjuta pafupi nane.

"Mayi a Halima, nkhani zatsopano amafuula ndine."

"Pepani, bambo."

"Pachipata paja panali chiyani?"

Ndinangoyang'ana kumene kunaima anyamata aja. Iwo anayang'ananso komweko, anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi taye.

"Ndamva," anatero motsitsa. "Zikomo kwambiri."

Ndinati basi, malo aja ndi anga.

"Koma ndikuuzeni ndekha, musamve kwa ena. Ndikutenga a Esnati. Holo ya m'tauni ndi yaikulu, ikufuna mawu tsiku lililonse, ndipo inu mwafuula kamodzi chaka chonse. Akanakhala malo awiri, sindikanakusiyani."

Ndinati zikomo, chifukwa ndi mmene tinaleredwera. Ndinatseka chitini n'kuwapatsa. Kulira ndinakalirira kudimba, kumene kulibe anthu.

Esnati anasamuka mwezi wotsatira. Potsazikana sitinanene za tsiku lija. Anangonditsina tsaya n'kunena kuti ndizidya, ndaonda. Pamalo pake panabwera mayi wina wogulitsa usipa, wosaseka. Ine ndinatsala ndi dzina. Mpaka lero akuluakulu a pa Lirangwe amanditi Che Lole, ndipo ana amene sadziwa nkhaniyi amayesa ndi dzina la makolo. Dzinalo linandithandizako pang'ono. Anthu ankabwera kudzaona mayi amene anathamangitsa msika, ndipo popeza anali ataima kale pamphasa, ankagula. Ndinaphunziranso kulandira chimene wogula wanena n'kuwonjezerapo changa m'malo mongoyang'ana pansi. Denga ndinafolera ndi matimati omwewo, ngakhale zinatenga nthawi.

Pa Khirisimasi ya chaka chotsatira, ndili pamphasa, ndinaona nsapato zakuda zonyezimira zitaima patsogolo pa milu yanga. Ndinakweza maso. Anali Esnati, atanenepa, atanyamula kachikwama kam'manja. Nsanje yonse ija inadzuka ngati sinagoneko.

"Che Mariamu, matimati bwanji?"

Ndinatchula mtengo wokwera dala, woti munthu aliyense akanaukana. Ndinkafuna tikangane ngati kale. Esnati ameneyu chibadwire sanagulepo chinthu pamtengo woyamba, ngakhale singano. Koma anangotsegula kachikwama n'kulipira, osanenerera, osapempha woonjezera. Ananjuta n'kumaika matimati m'kathumba mmodzimmodzi, osandiyang'ana.

"M'tauni muja," anatero motsitsa, "nthawi zina dzanja limapita lokha paduku. Ndiye ndimayang'ana kumbali, n'kuona kuti palibe woti afuule za lole. Ndimangomanga duku langa n'kukhala chete."

Anaimirira, anasisita Halima pamutu, n'kumapita.

Kuntchito imeneyo ndinatolako chinthu chimodzi chimene sichinajambulidwe pabolodi. Anthu onse aja ankamukonda Esnati, ankamuombera m'manja, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa dzanja lake. Womukonda amayang'ana pakamwa kudikira kuseka. Amene amayang'ana munthu yense, mpaka mfundo ya duku, ndi amene akumuchitira nsanje. Nsanjeyo sindinathe kuichotsa, ndipo ndinasiya kuyesa. Chimene munthu angasankhe ndi chochita ndi zimene nsanje yamuonetsa.

Basi ya ku Blantyre inaima pamsewu, kondakitala akuitana. Ndinaziperekeza ndi maso nsapato zija, zikudutsa m'fumbi la msika wathu, mpaka zinakwera.